Foni ya M'manja ndi Phunziro la Malo

Pakati pa maphunziro onse amene ana athu amalandira m'sukulu, palibe lina limene lachitiridwa chosalungama monga jogalafe. Pakuti phunziro limene linayenera kutsegula maso a mwana kuti aone dziko limene akupondapo, ndi kuzindikira chifukwa chimene mudzi wake unamangidwira pamene ulipo, chimene mtsinje wa kwawo ulowera kumene ukulowera, ndi chimene abale ake apitira kumene akupita, lasandutsidwa mndandanda wa maina oloweza pamtima, oti mwana akawatule tsiku la mayeso ndi kuwaiwala m'mawa mwake. Mwana adzakuuzani mosadodoma kuti nsonga ya Sapitwa inatalika mamita 3,002, kuti Shire atuluka m'nyanja ya Malawi nakathira mu Zambezi, ndi kuti dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere. Koma mukamufunsa kuti zimenezi zikhudza bwanji moyo wa pakhomo pa amake, adzangoti kakasi. Cholakwa sichili mwa mwanayo, pakuti palibe amene anamusonyeza chingwe chomanga maina aja ndi zimene iye aziona tsiku ndi tsiku.

Tsono m'masiku athu ano mwalowa m'nyumba zambiri, za malata ndi za udzu zomwe, kachipangizo kamene ana akadziwa kuposa makolo awo, ndiko foni ya m'manja. Ndipo anthu ambiri, pochita nayo chidwi, amanena kuti yathetsa mtunda, popeza mayi wa ku Nsanje angathe kumva mawu a mwana wake amene ali ku Johannesburg monga ngati mwanayo waima kuseri kwa nkhokwe. Mawu amenewa ali ndi choona chake, koma achepa. Aliyense amene anakwerapo pachulu kufunafuna netiweki, kapena amene mayunitsi anamuthera m'kamphindi poimbira mbale wake wa tsidya lina la malire, adziwa mumtima mwake kuti mapiri akalipo, malire akalipo, ndipo kutali kukali kutali. Chimene foni yachita ndicho kuika zinthu zimenezi m'dzanja la munthu, kuti azikhudzana nazo m'mawa ndi madzulo. Ndipo mphunzitsi wa jogalafe amene angazindikire ichi wapeza khomo lolowera m'phunziro lake limene aphunzitsi akale analibe.

Makolo athu sanali anthu osowa njira zotumizira mawu. Mfumu ikafuna anthu ake inkatuma mthenga, maliro akagwa anyamata ankayenda usiku kukauza abale a m'midzi ina, ndipo liwiro la uthenga linali liwiro la miyendo ya munthu, kotero kuti mtsinje ukadzaza m'nyengo ya dzinja, uthenga unkagona tsidya lino kudikira kuti madzi aphwe. Atsamunda atafika anaika anthu onyamula makalata oyenda pansi kuchokera boma lina kufikira lina, ndipo m'zaka za m'ma 1890 kampani ya Cecil Rhodes, yotchedwa African Transcontinental Telegraph Company, inayamba kukoka waya wa telegalafu kuchokera ku Salisbury, kudzera ku Tete ndi Blantyre, nitsata gombe la nyanja mpaka ku Karonga, nipitirira pambuyo pake kukafika ku Ujiji, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika. Wayayo ankatumikira boma ndi amalonda, ndipo munthu wa kumudzi ankangomuona akudutsa pamwamba pa munda wake. Zinatenga zaka pafupifupi zana kuti mawu oyenda mofulumira afike kwa iye: kampani ya TNM inakhazikitsidwa mu 1995, ya Celtel inabwera mu 1999, imene inadzatchedwa Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010, ndipo pa kalembera wa 2018, pamene Amalawi anapezeka kuti ali 17.5 miliyoni, pafupifupi theka la mabanja linali ndi foni ya m'manja, ngakhale kuti nyumba zounikira magetsi zinangoposa pang'ono imodzi mwa khumi.

Phunziro loyamba limene foni ipereka ndilo la maonekedwe a nthaka, ndipo silifuna buku lililonse. Foni siilankhula ndi inzake mwachindunji, koma itumiza mafunde a wailesi ku nsanja imene ili pafupi, ndipo nsanjayo ndiyo ipititsa mawuwo m'tsogolo. Mafunde amenewa ayenda molunjika, nafooka pamene mtunda ukula, ndipo phiri likaima pakati pa munthu ndi nsanja, mawu aduka. Ndicho chifukwa chake nsanja zimamangidwa pazitunda, ndipo amene amatsika m'misewu yokhotakhota yochokera kumapiri kupita kunyanja kapena ku chigwa cha Shire adziwa mmene netiweki ibwerera ndi kuthawa galimoto ikamazungulira matanthwe. Ana a kumudzi adziwa zimenezi kuposa mphunzitsi wawo wochokera kutauni: adziwa kuti patsinde pa mtengo wa mango uja netiweki imagwira, kuti kudambo kulibe, kuti kuseri kwa tchalitchi imagwira ya kampani imodzi yokha. Mphunzitsi awauze kuti ajambule mapu a mudzi wawo, aikepo chizindikiro pamene netiweki ilipo ndi pamene palibe, ndipo pambuyo pake aikepo mapiri, zigwa ndi nsanja. Pamenepo anawo adzaona okha ndi maso awo kuti malo opanda netiweki agona m'mthunzi wa phiri, ndipo mizere ija yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka pa mapu, imene ambiri amaiopa pa mayeso, idzakhala ndi tanthauzo. Akatero awafunse funso lachiwiri, limene lili lolemera kuposa loyamba: chifukwa ninji kampani inamanga nsanja pamsika wa m'mbali mwa msewu, nisiya midzi ya kuseri kwa phiri? Yankho lake lidzawatengera ku kuchuluka kwa anthu pamalo, ku misewu, ku magetsi, ndi ku ndalama zimene anthu a malowo angathe kugulira mayunitsi. Ndipo mwana amene wayankha funso limeneli waphunzira chifukwa chimene zipatala, masitolo ndi mabanki akhalira kumene akhala.

Za malire a maiko nazonso foni iphunzitsa momveka kuposa choko. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 uyenda m'malire enieni, kotero kuti pa Lizulu munthu akangowoloka msewu kukagula mbatata tsidya linalo, wapondapo dziko la Mozambique. Ndipo m'madera amenewo foni ingathe kutaya netiweki ya kwathu nigwira ya Vodacom kapena ya Movitel, mwini wake asanasunthe phazi. Malire amenewo anaikidwa ndi pangano la pakati pa Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891, ndipo anatsata mtunda wogawa madzi, ndiko kuti mvula yogwa mbali ino itsikira kunyanja ndi ku Shire, pamene yogwa mbali inayo itsikira ku Zambezi ndi mitsinje ya ku Tete. Koma anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi, Angoni ndi Achewa okwatirana, oikana maliro, ndi olankhula chinenero chimodzi. Taonani tsono chodabwitsa chimene mphunzitsi ayenera kuika pamaso pa ana: munthu wa ku Mchinji akaimbira mnzake wa ku Nsanje, kutali kwa ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, alipira mtengo wa m'dziko, koma akaimbira malume ake a ku Chipata, kumene angafikeko pa njinga, ayenera kuyamba ndi +260 nalipira mtengo wa kunja. Manambala amenewa, +265 wa Malawi, +260 wa Zambia, +258 wa Mozambique, +263 wa Zimbabwe, +255 wa Tanzania, +27 wa South Africa, ana ambiri awadziwa kale pakuwaona pa foni ya amawo, ndipo angathe kuwalemba pa mapu ndi kuzindikira kuti a maiko a mu Africa ayamba ndi 2, pamene wa Britain ndi +44. Achewa a maiko atatu amasonkhana chaka ndi chaka ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, monga mtundu umodzi pansi pa mfumu imodzi. Koma mafoni ali m'matumba mwawo amvera maboma atatu. Mwana amene wasinkhasinkha ichi wayamba kumvetsa kusiyana kwa mtundu wa anthu ndi dziko la ndale, chinthu chimene akuluakulu ambiri sanachiganizepo mofatsa.

Pa mlatho wa Songwe, polowa m'dziko la Tanzania, wotchi ya m'foni ilumpha ola limodzi kupita m'tsogolo, ngakhale dzuwa lili pamalo omwe linali; ndipo apa mphunzitsi ali ndi poyambira kufotokoza kuti dziko lapansi lizungulira madigiri 360 m'maola 24, ndiwo madigiri 15 pa ola, ndi kuti nthawi yathu, imene tigawana ndi Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa, inawerengedwa pa mzere wa madigiri 30 kum'mawa kwa Greenwich. Mwana amene azakhali ake agwira ntchito ya unamwino ku Manchester adziwa kale kuti m'mwezi wa December iwo atsalira ndi maola awiri, koma m'mwezi wa June atsalira ndi limodzi lokha, chifukwa Angerezi amasuntha mawotchi awo m'nyengo yofunda. Ndipo ngati anawaonapo pa kanema wa WhatsApp madzulo a mwezi wa June, pamene kuno kunada kalekale ndipo anthu akuwotha moto chifukwa cha chisanu, koma kumeneko kunja kukali kowala ndipo mitengo yabiriwira, mwanayo waona ndi maso ake kupendekeka kwa dziko lapansi, kumene kubala nyengo ndi kutalikitsa masiku a kumpoto pamene kufupikitsa athu. Momwemonso mizere ya latitude ndi longitude, imene ana amaiyesa chinthu cha m'buku chokha, foni yamakono iiwerenga kuchokera ku masetilaiti a GPS, amene azungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kumwamba, ndipo foni ikamva anayi mwa iwo idziwa pamene yaima. Mphunzitsi wa ku Lilongwe akatulutsa ana panja adzawasonyeza manambala oyandikira madigiri 14 kumwera kwa Ikweta ndi 34 kum'mawa, ndipo akayenda nawo kulunjika kumwera adzaona manambala a kumapeto akukula pang'onopang'ono ndi mapazi awo.

Koma kodi uthenga wa pa intaneti ukachoka pa nsanja upita kuti? Ambiri aganiza kuti uuluka m'mlengalenga mpaka ku Ulaya, pamene choona chake ndi chakuti gawo lalikulu la mauthenga a pakati pa maiko liyenda m'zingwe zagalasi, zokwiriridwa m'nthaka m'mbali mwa misewu, kapena zopachikidwa pa mitengo ya magetsi, kufikira kugombe, ndipo kuchokera pamenepo zigona pansi pa nyanja yamchere. Chingwe cha SEACOM chinayamba ntchito mu 2009, cha EASSy mu 2010, ndipo zonse ziwiri zitulukira kumtunda ku Dar es Salaam ndi ku Maputo, pakati pa madoko ena. Tsono popeza ife tilibe gombe, mawu athu ayenera kupempha njira kwa anansi, monga momwe mafuta ndi feteleza wathu apemphera njira ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam. Pa 12 May 2024 zingwe ziwirizi zinaduka pansi pa nyanja, kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inafooka ku Malawi, ku Tanzania, ku Mozambique, ku Kenya ndi ku Uganda, kotero kuti wamalonda wa ku Limbe, amene sanaionepo nyanja yamchere chibadwire, anavutika chifukwa cha chinthu chochitika pansi pake. Tanthauzo la kukhala dziko lopanda gombe silingafotokozedwe bwino kuposa pamenepa. Nsanja nazonso zidya magetsi, ndipo magetsi athu ambiri achokera ku mathithi a Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo mwana amene anaona foni ya atate ake itazima chifukwa chosowa potchajira angathe kutsogoleredwa, phazi ndi phazi, kuchokera pa batire lija kufikira ku mitengo yodulidwa m'mapiri, ku dothi lokokoloka lodzaza madamu, ndi ku mvula ya ku nyanja ya India.

Tsopano titsegule foniyo ndi kuona thupi lake, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. M'kati mwa kachipangizo kopepuka kameneka mwasonkhana nthaka ya maiko ambiri. Muli mkuwa, umene ukumbidwa ku Chile ndi ku migodi ya anansi athu ya ku Kitwe, Chingola ndi Mufulira, kumene agogo ambiri a Amalawi anakagwirako ntchito. Muli golide pang'ono. M'batire muli lithium, wa ku Australia kapena wa m'zigwa zamchere za chipululu cha Atacama, ndipo ku Bikita m'dziko la Zimbabwe akumbidwanso. Muli graphite, amene wina achokera ku Balama kumpoto kwa Mozambique. Ndipo muli cobalt, amene magawo pafupifupi asanu ndi awiri mwa khumi a dziko lonse lapansi atuluka m'dziko la Congo, makamaka m'madera ozungulira Kolwezi. Kum'mawa kwa dziko lomwelo, ku Kivu, kutuluka mwala wa coltan, umene apangira tizipangizo tosunga mphamvu ya magetsi. Pano mphunzitsi asafulumire, ndipo asabise kanthu, pakuti chuma chimenechi chanyowa ndi thukuta ndi mwazi: ku Kolwezi anthu osauka amakumba maenje akuya ndi manja awo, ndipo bungwe la Amnesty International linaonetsa mu 2016 kuti pakati pa otola ndi otsuka miyalayo panali ana a msinkhu wa sukulu, ku Kivu magulu a zida akhala akulimbirana migodi kwa zaka zambiri, ndipo midzi yapasuka. Nkoyenera kuti mwana wa ku Malawi, pogwira foni, adziwe kuti mnzake wa msinkhu wake, wa dziko limene lili kuseri kwa Zambia, anasenzako katundu wake.

Miyala imeneyi ichoka mu Africa yosayengedwa kapena yoyengedwa pang'ono, niwoloka nyanja kupita ku China, kumene yambiri iyengedwa. Tizipangizo toganiza ta m'kati tipangidwa ku Taiwan ndi ku South Korea. Ndipo mafoni a Tecno ndi itel, amene adzaza m'misika yathu, ndi a kampani ya Transsion ya mumzinda wa Shenzhen. Mzinda umenewu unali tauni yaing'ono pakati pa midzi ya alimi ndi asodzi kufikira 1980, pamene boma la China linaupatula kuti ukhale malo a mafakitale, ndipo pa kalembera wa 2020 unapezeka ndi anthu oposa 17 miliyoni, ofanana ndi Amalawi onse a pa kalembera wa 2018. Kuchokera kumeneko foni ibwerera pa sitima ya pamadzi kapena pa ndege, mwina kudzera ku Dubai, mwina ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, nilowa pa Songwe, pa Mwanza kapena pa bwalo la ndege, nigulidwa ndi ndalama za fodya kapena za soya. Ana akalumikiza malo onsewa ndi ulusi pa mapu a dziko lapansi, adzaona chithunzi cha malonda a m'badwo uno: Africa atumiza mwala nagula chopangidwa, ndipo phindu lalikulu litsala kumene kuli fakitale. Nkhaniyi itikhudza ifenso, chifukwa ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku phiri la Songwe m'boma la Phalombe kuli miyala ya mtundu uja wosowa umene apangira maginito a m'sipika ya foni, ndipo ku Kasiya, pafupi ndi Lilongwe, kwapezeka rutile ndi graphite wochuluka. Ana amene ali m'kalasi lero ndiwo adzakhala eni ake a mapangano a migodi imeneyi, ndipo kuli bwino kuti afunse mafunso akali aang'ono, pakuti safunsa anadya phula.

Koma gawo la phunziroli limene lifika pamtima ndilo la anthu. Mphunzitsi afunse ana kuti akafunse kunyumba kumene mafoni a banja lawo amachokera, ndipo alembe maina a malo okha, osatchula munthu. Pa bolodi padzatuluka Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, maesiteti a fodya a ku Kasungu, Johannesburg, Cape Town, Durban, Lusaka, Harare, Dar es Salaam, ndipo mwina Leeds kapena Dublin. Mapu amenewa adzasiyana sukulu ndi sukulu: a ku Mzimba ndi ku Mangochi adzalemera kumwera, ku Joni, a ku Karonga adzapendekera ku Tanzania, a ku Mchinji ku Zambia. Njira zimenezi sizinayambe dzulo, pakuti madzi saiwala khwawa. Agogo a ana omwewa anatengedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya golide, kapena ndi Mthandizi kupita ku mafamu a ku Rhodesia, ndipo kalata yawo inkatenga masabata kuti ifike, niyembekeza wodziwa kuwerenga. Ena makalata awo analekeza, ndipo akazi awo anakalamba osadziwa ngati ali akazi amasiye kapena ayi, ndipo amuna oterowo ndiwo amene tinkawatcha machona. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nipha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo kuchokera ku migodi, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu ntchito imeneyo kwa zaka zingapo. Lero zidzukulu zawo ziyenda njira yomweyo pa basi, kudzera pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge, ndipo chimene chasintha ndicho chakuti mawu awo amveka pakhomo madzulo aliwonse, ndi kuti ndalama yotumizidwa pa Mukuru m'mawa ingafike masana omwewo. Mphunzitsi ayende mosamala pamenepa, chifukwa m'kalasimo muli mwana amene atate ake anapita ndi foni m'thumba koma saimba. Kwa iye kutonthola kwa foni kuwawa kuposa kusowa kwa kalata kwa masiku akale, popeza palibenso mtsinje wodzaza kapena positi yochedwa yoti aikankhire mlandu.

Za ndalama ndi misika tinene mwachidule. Kutumiza ndalama pa foni kunakula ku Kenya ndi M-Pesa kuyambira 2007, ndipo kunafika kwathu ndi Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, kotero kuti kanyumba ka ejenti kaima lero m'malo ambiri amene banki sinafikeko. Katswiri wa zachuma Robert Jensen anafufuza asodzi a ku Kerala, m'dziko la India, napeza kuti atayamba kuimbira misika akali panyanja, mitengo ya nsomba m'madoko osiyanasiyana inayandikana, ndipo kutaya nsomba zosowa ogula kunatha. Ana a ku Nkhotakota kapena ku Salima angayese chomwecho pofunsa mtengo wa chidebe cha usipa kugombe ndi ku Lilongwe tsiku limodzi, ndi kufufuza chimene chidya kusiyanako. Adzapeza kuti foni iuza mlimi wa tomato wa ku Ntcheu mtengo wa ku Limbe, koma siimunyamulira dengu lake, ndipo ngati mlatho wakokoloka tomatoyo aolera pamunda mwini wake akudziwa bwino lomwe mtengo umene akadagulitsira. Walira mvula walira matope: njira yomweyo imene ibweretsa ndalama ya sukulu ibweretsanso akuba onamizira kuti atumiza ndalama molakwika.

Namondwe wa Freddy anabadwa kumayambiriro kwa February 2023 m'madzi a kumpoto chakumadzulo kwa Australia, nawoloka nyanja yonse ya India, nakantha Madagascar, nakantha Mozambique kawiri, ndipo pakati pa mwezi wa March anakhuthula mvula yake pa Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje. Anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri, ndipo kwathu kuno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Kwa masabata angapo njira yake inkaoneka pa zithunzi za masetilaiti, ndipo machenjezo a nthambi yoona za nyengo anayenda pa wailesi ndi pa mafoni. Koma chenjezo lithandiza munthu amene adziwa kuliwerenga pa nthaka ya kwawo. Banja lokhala m'tsinde mwa phiri la Soche, ku Chilobwe, linayenera kudziwa kuti phiri lotsetsereka, lometedwa mitengo, likamwa madzi masiku atatu lingathe kutsika ndi miyala yake. Banja la ku chigwa cha Shire linayenera kudziwa kuti mvula yogwa ku Mulanje idzafika kwa iwo ndi mtsinje wa Ruo ngakhale kumwamba kwawo kutayera. Chidziwitso chimenechi ndicho jogalafe, ndipo ndi mlandu waukulu kuti mwana atuluke sukulu wodziwa likulu la Canada koma wosadziwa kumene madzi a phiri la kwawo athamangira.

Adzatsutsa ena kuti sukulu zambiri siziloleza ana kubwera ndi mafoni, ndi kuti m'kalasi ya ana zana limodzi ambiri achokera m'nyumba zopanda foni yamakono. Izi nzoona, ndipo lamulolo lili ndi zifukwa zake zabwino. Koma zonse zimene tanena pamwambapa zifuna foni imodzi yokha ya mphunzitsi, kapena yakufa yotoledwa kwa wokonza mafoni pamsika kuti itsegulidwe, pamodzi ndi pepala, ulusi ndi mapu a pakhoma. Kusowa kwa foni m'nyumba zina kukhalenso gawo la phunziro, kochitidwa mwaulemu, kosachititsa mwana manyazi: chifukwa ninji mafoni achuluka m'tauni kuposa kumudzi, ndi m'manja mwa abambo kuposa mwa amayi? Ndipo pali ntchito ina imene ana a kumudzi angaichite kuposa akatswiri. Mphunzitsi akatsegula mapu a m'foni ndi kuyang'ana dera la sukulu yake, kawirikawiri adzapeza msewu waukulu ndi dzina la msika, koma malo otsalawo ali mbee, opanda dzina la mudzi, la dambo, la kamtsinje kapena la kaphiri, ngakhale kuti chilichonse cha izi chili ndi dzina limene agogo alidziwa, pamodzi ndi mbiri ya chaka chimene madzi anafika pamtengo wakutiwakuti. Ana atumidwe kwa akuluakulu ndi kwa anyakwawa kukafunsa maina amenewa, ayende ndi mphunzitsi kukalemba manambala a GPS a chitsime, a mlatho, a chipatala chaching'ono ndi a chitunda chothawirako madzi akasefukira. Ndipo popeza mapu a OpenStreetMap alola munthu aliyense kuwonjezamo zimene adziwa, mphunzitsi wokhala ndi bandulo angathe kuwalowetsamo, kuti woyendetsa ambulansi kapena wobweretsa chithandizo pa nthawi ya chigumula adzaupeze mudziwo ndi dzina lake ndi njira yolowera.